Telesikopu Ikamadumpha Nyenyezi, Yang'anani Mpando Wake

Mwaipeza Jupiter. Ili pakati penipeni, mizere yake iwiri ikuoneka bwinobwino, timiyezi take tandandalika pambali ngati timikanda. Musanakhutire n'komwe, yayamba kutsetserekera m'mphepete mwa kagalasi koyang'anira. Mukankha chubu pang'ono, chubu chili nji. Muwonjezera mphamvu, chikadali nji. Muwonjezeranso, basi chadumpha, Jupiter yapita, mwatsala mukuyang'ana mdima wokhawokha. Pobweza chidumphanso kupitirira mbali inayo. Amene anagwirapo telesikopu yokhala pa mpando wouma amaudziwa mkwiyo umenewu, ndipo ambiri amayamba kuda galasi, kuganiza kuti anagula chinthu chachabechabe, pomwe galasilo lilibe mlandu.

Ndikati mpando ndikutanthauza chonse chimene chimanyamula chubu cha telesikopu n'kumachilola kutembenuka, kaya ndi bokosi lamatabwa lokhala pansi lija, kaya ndi wachitsulo wa miyendo itatu wokhala ndi magiya. Ndikhala nthawi yaitali pa wa bokosi, chifukwa ndi umene munthu angathe kuukonza yekha ndi zida wamba, komanso ndi umene umaonetsa poyera chomwe chimachitika zinthu ziwiri zikamakhulana.

Kankhani kameneka kamakula usiku chifukwa thambo siliima. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56, choncho nyenyezi zimaoneka zikuyenda madigiri 15 pa ola, yomwe ndi kota ya digiri pa mphindi imodzi. Ndi maso simuona kanthu. Koma tengani telesikopu yofala ija ya galasi la mamilimita 200, imene kuwala kwake kumakumana pa mtunda wa mamilimita 1200, muikemo kagalasi ka diso ka mamilimita 6. Zinthu zikula ka 200. Kagalasiko kakakhala kamtundu wamba, koonetsa bwalo la madigiri pafupifupi 50, kachigawo ka thambo kamene mukuona ndi kota ya digiri basi, theka la kukula kwa mwezi. Pulaneti imadutsa kabwalo konseko m'mphindi ngati imodzi. Kuchoka pakati kukafika m'mphepete ndi masekondi 30. Ndiye kuti pa theka lililonse la mphindi dzanja lanu lili pa chubu. Nanga kukankha kwake n'kotani? Ngati mwagwira pa masentimita 80 kuchokera pamene chubu chimatembenukira, kubweza pulanetiyo kuchokera m'mphepete kufika pakati ndi mamilimita osakwana awiri. Mpando umene umadumpha mamilimita atatu nthawi iliyonse ukayamba kuyenda sungakulondoletseni kanthu, ngakhale galasi likhale lapamwamba chotani.

Kudumphako kumachokera apa. Kankhani tebulo lolemera pa simenti. Poyamba limakana, mumalimbana nalo, koma likangosuntha limapepuka mwadzidzidzi mpaka mukhoza kupunthwa nalo. Mphamvu yoyambitsira chinthu choima imaposa mphamvu yochipitirizira chikayamba kuyenda. Pa zipangizo zambiri kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndithu. Dzanja lanu limakhala litasonkhanitsa mphamvu yogonjetsera kukakamira kuja, ndiye kukakamirako kukangotha, mphamvu yotsalayo imaponya chubu patsogolo. Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Pamene mukukankha chubu chisanasunthe, matabwa a bokosi amapindika pang'ono n'kusunga mphamvu ngati uta. Mpando ukamasuka, utawo umalasa. Mukasiya dzanja, matabwa amabwerera pomwe anali, nyenyezi imene munaiika pakati n'kubwereranso m'mbali.

Munthu akaona zimenezi amaganiza kuti mankhwala ake n'kuchotseratu kukhulana konse. Inenso ndinaganiza choncho. Ndinagula beringi yaikulu ya timipira tachitsulo, ija amaika pansi pa matebulo ozungulira, n'kuimanga pakati pa bokosi ndi thabwa lapansi. Masana inali yosangalatsa. Chala chimodzi, bokosi lonse myaa. Usiku ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Kamphepo kakang'ono kakadutsa, chubu chatembenuka. Nsidze ikagunda kagalasi, chachoka. Ndikagwira kokonzera fokasi, mwezi wathawa. Pamalo opendekeka pang'ono telesikopu inkayenda yokha kufunafuna kumunsi. Ndinaichotsa sabata isanathe.

Telesikopu yokankha ndi dzanja imafuna kukhulana, chifukwa ndi kukhulanako kumene kumaigwira mukaisiya. Chofunika n'chakuti mphamvu yoyambitsira ndi yopitirizira zikhale pafupifupi zofanana, kuti chubu chiyambe kuyenda mopanda kudzidzimuka, chiyende molingana ndi dzanja, chiime pomwe dzanja laima. Chachiwiri n'chakuti kutembenukira kumanja ndi kumanzere kulemere mofanana ndi kukwera ndi kutsika. Nyenyezi kawirikawiri zimayenda chopingasa m'kagalasi, ndiye mumakankha mbali ziwiri nthawi imodzi. Mbali imodzi ikakhala yolimba, inayo yoterera, chubu chimangotsata yotererayo.

Mpando wa bokosi uli ndi dzina la John Dobson, amene anabadwira ku Beijing mu 1915 n'kumwalira ku California mu 2014. Anakhala zaka zoposa 20 m'nyumba ya odzipatula a Vedanta, chiphunzitso cha Chihindu, komwe ankapala yekha magalasi ndi kupanga matelesikopu kuchokera ku zinthu zotayidwa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anali m'modzi mwa oyambitsa gulu la San Francisco Sidewalk Astronomers, loonetsa anthu odutsa mumsewu mwezi ndi mapulaneti. Chubu chake ndi chamtundu wakale wa Isaac Newton wa mu 1668. Chimene chinafala ndi dzina lake ndi mpandowo, bokosi lalifupi, lopanda giya ngakhale imodzi, loyenda pa tizidutswa ta Teflon.

Teflon ndi pulasitiki imene Roy Plunkett anaitulukira mwangozi mu 1938 ku kampani ya DuPont. Dzina lake la sayansi ndi PTFE. Imadziwika ndi kuterera, koma pa ntchito yathuyi ubwino wake weniweni ndi uja ndanena, wakuti mphamvu yoyambitsira ndi yopitirizira zimayandikana kwambiri. Apa chenjerani. Si kapulasitiki koyera kalikonse kamene kali Teflon. Matelesikopu ena a m'sitolo amabwera ndi tizidutswa ta nayiloni kapena ta pulasitiki ina yolimba, ndipo tija amamata pansi pa miyendo ya mipando ya m'nyumba kawirikawiri timakhala tosakaniza. Teflon yeniyeni ndi yofewa moti chikhadabo chimasiya chizindikiro, imamveka ngati sopo wouma m'manja, imalemera kuposa momwe maonekedwe ake akunenera, ndipo guluu wamba saigwira. N'chifukwa chake imamangidwa ndi sikuluwu kapena timisomali, pokhapokha mutapeza ija yokonzedwa mbali imodzi kuti imatike. Mutu wa sikuluwu uzame ndithu m'kati mwa Teflon. Ndaonapo mpando umene mwini wake ankadandaula kuti ukukwekwesa, titautembenuza tinapeza mzere wozungulira utalembedwa pansi pa bokosi ndi mutu wa msomali umodzi umene unatuluka Teflon itadyeka.

Teflon yokha si kanthu popanda chimene ikukhulana nacho. Ambiri amadabwa kumva kuti chosalala kwambiri, chonyezimira ngati galasi, ndicho chimakakamira. Opanga matelesikopu anapeza poyesa kuti Teflon imayenda bwino pa chinthu cholimba chokhala ndi timatuza tating'ono, monga Formica ya khungu lamanyamanya yomatira pa matebulo. Kwa zaka zambiri yotchuka inali Ebony Star ya kampani ya Wilsonart. Ena amagwiritsa ntchito mapepala olimba a fiberglass aja okutira makoma a zipinda zosambira, a timiyalamiyala pamwamba. Kwa telesikopu yaing'ono, mbale yakale ya galamafoni, ija ya masentimita 30, imagwira ntchito ndithu, timizere take timachita zomwe timatuza timachita. Mpando wogula m'sitolo nthawi zambiri umakhala wa thabwa la utuchi wopanikiza lokutidwa ndi chikopa choyera chosalala, ndipo kungomata Formica yamanyamanya pansi pa bokosi kumasintha zambiri kuposa china chilichonse chimene mungachite. Simufunika kukuta pansi ponse. Mkombero wodutsa pamene tizidutswa timayenda ndi wokwanira, malinga usakhale ndi msoko wotukuka.

Tsopano kukula kwa tizidutswato, komwe ambiri amalakwitsa chifukwa nzeru wamba imati kachidutswa kakakulu ndi kabwino. Teflon imaterera bwino ikapanikizidwa mokwanira. Kachidutswa kakakula kwambiri, katundu amamwazika, kukhulana kumakwera ndipo kukakamira kumabwerera. Kakachepa kwambiri, Teflon imaphwanyika pang'onopang'ono pansi pa katundu, timatuza ta Formica n'kudinda m'kati mwake telesikopu ikakhala nthawi yaitali pamalo amodzi. Muyeso umene opanga ambiri amatsata ndi mapaundi 15 pa inchi imodzi ya sikweya, womwe ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa sentimita imodzi ya sikweya. Tiyerekeze kuti chubu chanu ndi makilogalamu 10, bokosi 10. Tizidutswa tapansi tikunyamula makilogalamu 20, ndiye tonse pamodzi tikhale masentimita 20 a sikweya. Pogawa patatu, kalikonse kali pafupifupi masentimita 7 a sikweya, kachidutswa ka masentimita awiri ndi theka mbali zonse kapena kuposerako pang'ono. Kamaoneka kakang'ono moti mumakayika, koma ndi momwemo. Palani m'mphepete mwake kuti musakhale mwakuthwa.

Tikhale titatu, osati tinayi. Chinthu cha miyendo itatu sichigwedera ngakhale pansi pakhale posalingana, pomwe pa tinayi kamodzi kamangolendewera. Tiikidwe motalikirana mofanana, madigiri 120, ndipo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa mwendo wa thabwa lapansi, kuti katundu atsike molunjika kupita pansi. Mukakaika pakati pa miyendo iwiri, thabwa limapindika ngati mlatho ndipo uta uja wabweranso.

Mtunda wa tizidutswato kuchokera pakati ndi chowongolera chanu chachikulu. Kukhulana kukamachitikira kutali ndi pakati, kumakhala ndi mphamvu zambiri zoletsa kuzungulira, monga momwe sipanala yaitali imagonjetsera nati imene yaifupi yalephera. Mukatisendeza m'kati, bokosi limapepuka koma limayamba kugwedera. Mukatitulutsa kunja, limakhazikika koma limalemera. Ine ndimakonda kuti tikhale kunja, pamwamba pa miyendo, kulemerako ndikuchepetse mwa njira ina, yomwe ndi iyi. Dulani mawashala kuchokera ku botolo la pulasitiki lofewa, lija losaonekera m'kati, muwaboole pakati, muwalowetse pa bawuti yapakati, pakati pa bokosi ndi thabwa lapansi. Onjezerani limodzilimodzi. Mulu wa mawashala ukafika msinkhu wa tizidutswa ta Teflon, umayamba kulandako katundu, ndipo katundu wokhala pakati penipeni saletsa kuzungulira kwenikweni. Bokosi limapepuka mowonekeratu. Mukaona layamba kupendama ngati layima pa msomali, mwapyola, chotsani limodzi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa chifukwa nthawi iliyonse muyenera kutsitsa chubu, kumasula bawuti, kumanganso, koma nthawi zambiri kusiyana kwa mpando wouma ndi wabwino kumakhala washala limodzi lokha.

Bawuti yapakatiyo ntchito yake ndi kuletsa bokosi kuterereka cham'mbali, basi. Si yomangira. Anthu ambiri amaikungitsa poopa kuti bokosi ligwa, osadziwa kuti akupanikiza Teflon ndi mphamvu yoposa kulemera kwa telesikopu yonse. Ikani nati yokhala ndi nayiloni m'kati, imene simasuka yokha, muimange mpaka ingokhudza, kenako muibweze pang'ono. Bowo lisakhale lalikulu kuposa bawuti. Likakula, mukayamba kukankha bokosi limayamba lasendera cham'mbali lisanazungulire, ndipo m'kagalasi mumaona nyenyezi ikupita kosayenera. Kapaipi kakafupi kachitsulo kapena kanayiloni kolowa bwino m'bowomo kamathetsa zimenezi, komanso kamateteza thabwa kuti mazinga a bawuti asamalidye. Bawutiyo igwire nji pa thabwa lapansi, bokosi ndilo lizizungulira.

Mawilo a m'mbali mwa chubu, amene chimakwerera ndi kutsikira, ali ndi vuto losiyana. Kumeneku kawirikawiri kukhulana kumachepa m'malo mochuluka. Matelesikopu ambiri a m'sitolo ali ndi timawilo tating'ono, mwina ta masentimita 10 m'mimba mwake, chifukwa ndi tosavuta kulongedza. Tiwerengere pang'ono, poyerekeza kuti kukhulana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a katundu. Pa chubu cha makilogalamu 10, timawilo totere timangotha kugwira kusiyana kwa magalamu osakwana 100 pa kagalasi ka diso kokhala masentimita 70 kuchokera pa wilo, chubu chikagona. Chotsani kagalasi kopepuka muike kolemera, mphuno ya telesikopu yagwada pansi. Magalasi ena a diso oonetsa bwalo lalikulu amafika kilogalamu yathunthu. Mawilo a masentimita 40 amagwira kanayi kuposa pamenepo, magalamu pafupifupi 300. N'chifukwa chake matelesikopu opangidwa ndi anthu odziwa amakhala ndi mawilo aakulu, ooneka ngati theka la mwezi, ndipo ngati muli ndi macheka ndi pulayiwudi, kudula mawilo aakulu n'kuwamata Formica m'mphepete ndi ntchito yopindulitsa. Adulidwe onse awiri pamodzi kuti afanane, ndipo pakati pawo pagwere pamene chubu chimalinganira kulemera kwake.

Ngati simukufuna kudula chilichonse, sunthani tizidutswa. Wilo lililonse limakhala pa tizidutswa tiwiri, ndipo mpata wapakati pake umasintha kukhulana. Tikayandikana pansi pa wilo, timangonyamula kulemera kwa chubu. Tikatalikirana n'kukwera m'mbali, wilo limalowa pakati pawo ngati nkhwangwa mu mtengo, ndipo timapanikizika koposa kulemera kwenikweniko. Pa mpata wa madigiri 60, kupanikizako ndi kulemera kuchulukitsa ka 1.15. Pa madigiri 90 ndi ka 1.41. Choncho chubu chikamagwa chokha, talikitsani. Chikalimba, yandikitsani, koma osapyola mpaka wilo n'kumatumphuka mukakankha. Ambiri amathera pakati pa madigiri 60 ndi 70. Onaninso kuti chubu sichikukhula khoma la bokosi. Kachidutswa ka Teflon kapena ka nsalu yokhuthala m'kati mwa khoma lililonse kamachigwira pakati.

Musanachite zonsezi, linganizani kulemera kwa chubu, chifukwa chubu cholemera mbali imodzi chimanamiza, chimakwera movutikira n'kumatsika mothamanga, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi Teflon. Ikani kagalasi ka diso kamene mumagwiritsa ntchito kwambiri, ndi kachipangizo kolozera nyenyezi kokhala pa chubu komwe, muone ngati chubu chikuima pa msinkhu uliwonse. Ngati chimatha kusendezedwa m'malamba ake, sendezani. Ngati ndi chachitsulo, maginito aakulu okutidwa ndi nsalu, omatidwa kumunsi kufupi ndi galasi, ndi abwino chifukwa mumawasuntha mukasintha kagalasi. Ena amapachika unyolo kumchira kwa chubu. Chubu chikagona mchira umakwera n'kunyamula unyolo wambiri, chikaimirira unyolo umagona pansi, ndipo ndi pogona pomwe kulemera kowonjezerako kumafunika. Masipuling'i okokera mawilo pansi, amene matelesikopu ena amabwera nawo, amawonjezera kukhulana popanda kuwonjezera kulemera. Amathandiza, koma kwa ine ndi chigamba chophimba kuchepa kwa mawilo. Zomangira zopanikiza wilo cham'mbali nazonso n'chimodzimodzi, mukazikungitsa kwambiri kudumpha kumabwerera.

Kuti mudziwe ngati mbali ziwirizi zafanana, musadalire kumva kwa dzanja kokha. Tengani sikelo yopachika, ija yoyezera zikwama, muikole pamene mumagwira chubu, chubucho chili pa madigiri 45. Kokani pang'onopang'ono cham'mbali, muone nambala pomwe chayamba kuyenda ndi pomwe chikuyenda. Chitaninso chimodzimodzi mokweza ndi motsitsa. Manambala akayandikana, muli bwino. Koma sangafanane pa msinkhu uliwonse, ndipo palibe mmisiri angathetse zimenezo. Chubu chikamaimirira, dzanja lanu limayandikira mzere wa bawuti yapakati, sipanala ija imafupika. Ndi ziwerengero zathu zija, tizidutswa tili masentimita 20 kuchokera pakati, chubu chogona chimatembenuka ndi theka la kilogalamu, pa madigiri 45 chimafuna magalamu 700, pa madigiri 80 chimayandikira makilogalamu atatu. Malo a pamwamba pa mutu amenewa anthu anawatcha dzenje la Dobson. Mukafika pamenepo, gwirani chubu ndi manja awiri mbali zonse n'kuchipotoza, kapena tembenuzani bokosi lenilenilo, kapena dikirani theka la ola kuti chinthucho chitsikeko.

Nanga mafuta? Ayi. Oyilo ndi girisi pakati pa Teflon ndi Formica zimakoka fumbi, fumbilo n'kusanduka phala lokwecha, ndipo usiku wozizira zimalimba. Chimene chimathandiza ndi polishi yolimba ya galimoto, yopakidwa pa Formica, kuuma, n'kupukutidwa mpaka kuwala. Sopo wouma wopakidwa pang'ono amagwiranso ntchito, ngakhale mame amamusungunula. Pakani mbali yokhayo imene ikulimba. Mukapaka mawilo a m'mbali amene anali kale oterera, mwadzipangira vuto latsopano.

Ngati mwachita zonsezi koma nyenyezi ikubwererabe mukasiya dzanja, vuto ndi bokosi lenilenilo. Gwirani makoma ake awiri pamwamba muwagwedeze. Akamasuntha, mangani masikuluwu onse, ndipo ngati n'kotheka phwasulani mumangenso ndi guluu wa matabwa. Thabwa lakutsogolo lolumikiza makoma awiriwo likhale lalitali momwe chubu chingalolere. Timatabwa ta makona atatu tomangidwa kunja kwa khoma kutsikira pansi pa bokosi timalimbitsa kwambiri. Miyendo ya mphira yofewa ichotsedwe, muike yamtengo kapena yapulasitiki yolimba, yaitali mokwanira kuti thabwa lisamakhale pa udzu.

Mpando wa magiya, uja amautcha equatorial, ndi nkhani ina. Mkono wake umodzi umaloza kumene mzere wozungulirapo dziko ukuloza kuthambo, choncho kulondola nyenyezi ndi kutembenuza kachitsulo kamodzi kokha, ndi dzanja kapena ndi mota. M'kati mwake muli giya yozungulira ya mano ambiri yoyendetsedwa ndi kachitsulo ka mazinga kotchedwa worm. Mipando yotsika mtengo yambiri imabwera ndi girisi wonata ngati ulimbo. Amaikamo dala, chifukwa amabisa kugwedera kwa zitsulo zosapalidwa bwino. Kukazizira amalimba, mpando n'kumakana ngakhale mwamasula zomangira zonse, ndipo simungathe kulinganiza kulemera chifukwa chubu chimaima paliponse. Kuutsuka n'kotheka. Phwasulani mkono umodzi pa nthawi, jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse, makamaka ndondomeko ya timawashala tapulasitiki topyapyala timene timasochera mosavuta. Tsukani ndi palafini ndi mswachi wakale, palani tizitsulo totsalira m'mphepete ndi sandipepa yosalala, pukutani, kenako pakani girisi wa lithium kapena wina wopepuka, wochepa chabe. Dziwani kuti mukachotsa ulimbo uja kugwedera kumene unkabisa kumaonekera, ndiye manati a kumapeto kwa mkono muwamange mosamala, mpaka kugwedera kuthe koma mkono ukuzungulirabe ndi chala. Ngati mpandowo ndi watsopano, kumbukirani kuti kuuphwasula kungathetse chitsimikizo cha wogulitsa.

Kulumana kwa worm ndi giya ndi komwe kumafuna kuleza mtima. Zikatalikirana, mumatembenuza kachitsulo koma telesikopu imachedwa kuyankha, makamaka mukabwerera m'mbuyo. Zikapanikizana, zimagwirana, mota imalira kapena kuima. Pali timasikuluwu tokankha ndi tokoka nyumba ya worm. Tembenuzani pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mzungulo pa nthawi. Giya siikhala yozungulira ndendende, ili ndi malo ena olimba, ena omasuka. Yendetsani mkono mzungulo wonse, mupeze malo olimbitsitsa, mukonzere pamenepo. Kwina konse kutsala kampata kakang'ono, ndipo kameneko kasiyeni. Kuti kasakuvuteni, lemeretsani pang'ono mbali ya kum'mawa, kuti mano a giya azikhala akunyamula katundu nthawi zonse m'malo momukankhira kumunsi modukizaduka. Pa mipando yambiri yapakatikati giyayo ili ndi mano 144, choncho worm imazungulira kamodzi pa mphindi pafupifupi 10. Mukaona nyenyezi ikupita uku ndi uku mobwerezabwereza pa nthawi imeneyo, ndi kupalidwa kwa worm kumeneko, girisi sangakuthetse.

Miyendo itatu ija nayo iyesedwe. Gogodani chubu ndi chala mukuyang'ana nyenyezi, muwerenge. Kunjenjemera kukatha m'masekondi awiri kapena atatu, palibe vuto. Kukapitirira, fupikitsani miyendo, mangani mabawuti a m'chiuno, pachikani chinthu cholemera pakati pake.

Kuyesa komaliza ndi kwa usiku, chifukwa mpando woyenda bwino masana m'nyumba umasintha kukazizira ndi kugwa mame. Lozani nyenyezi yowala, muike kagalasi kokulitsa ka 200, muyese kuiyendetsa mozungulira m'mphepete mwa kabwalo osaitaya, ndi zala ziwiri zokha. Ikamayenda ngati ikukwera masitepe, mbali imodzi ikulimba kuposa inzake. Ikamadumpha poyamba pokha, bwererani ku Teflon ndi Formica. Ndipo mpando umene unali bwino mwezi watha ukayamba kukwekwesa, musathamangire kusintha kanthu. Tembenuzani bokosi, muyang'ane tizidutswato pa kuwala. Teflon ndi yofewa, kamchenga kamodzi kamalowa n'kukhazikika m'menemo ngati dzino la tupa. Kakolopoleni ndi nsonga ya lezala, mupale pamwamba pake pang'ono, mupukute Formica ndi nsalu yonyowa, iume, mupakenso polishi.